Lichero pamiyendo pa mkazi wanga

Mkazi wanga anabayidwa ndi chitsa kumunda wa mpunga ku Bwanje. Bala lake linali laling'ono. Patapita masiku, nsagwada zinauma. Kuchipatala cha ku Mua anati ndi kafumbata, ndipo anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko anagona nthawi yaitali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, makina akumupumira.

Kafumbata anatha. Koma mkazi amene ankasenza thumba la mpunga osapumira panjira anatuluka miyendo ili ngati mapesi. Kapu yapulasitiki inkamulemera.

Tisanachoke, mayi wina wogwira ntchito yophunzitsa odwala kuyendanso anandiitanira pambali.

"Bambo, minofu yatha chifukwa chogona. Mankhwala ake si am'botolo. Azikhala tsonga, azigwira okha supuni, aziimirira ngakhale akulira. Mukamawachitira zonse, manjawa auma."

Sukulu ndinalekeza kupulaimale, koma ine sandiuza chinthu kawiri.

Tinabwerera kumudzi kwa mkazi wanga, kufupi ndi Golomoti. Ndine mkamwini kumeneko. Ndinamangako nyumba, ndinaikako ana m'manda, imvi zandimerera komweko. Mudzi si wanga.

M'mawa ndinkamukhazika pakhonde atatsamira chipupa, n'kumuikira lichero la mpunga pamiyendo kuti asankhe miyala. Ankatola kamwala, kamugwa, n'kutolanso. Thukuta chamchamcham. Ine ndinkangoima, manja kumbuyo. Zala zinayamba kumvera pang'ono. Ndinaona ndi maso angawa.

Tsiku lina mkulu wake anatipeza.

"Alamu! Munthu wabwerera pakhomo pa manda dzulodzuloli, mwayamba kale kumutuma? Ndi njala yanji imeneyi?"

"Ndi mankhwala," ndinatero.

"Mankhwala a miyala? Using'anga munauyamba liti?"

Analanda lichero lija.

Kwathu kuno wodwala sagwira kanthu. Amamumwetsa, kumusambitsa, kumutembenuza. Womusiya kuti avutike yekha ndi supuni amatchedwa wankhanza. Abale ake anagawana masiku. Amayi akutchalitchi nawo ankabwera. Ankamugoneka pamphasa, phala n'kumamuthira m'kamwa ngati khanda. Sindinganene kuti ankadana naye. Ankamukonda kwambiri.

Nditaumirira, abalewo anaitana mlongo wa mkazi wanga, mwini mbumba. Tinakhala pansi pa mtengo wa masawu.

"Alamu, mlongo wangayu apume. Akapeza mphamvu adzagwira yekha."

"Mphamvu sizimupeza munthu pamphasa. Anatero akuchipatala."

"Akuchipatala anamaliza yawo. Kapena mwatopa naye? Ngati mwatopa, nenani. Abale ake tilipo."

Sindinayambe ndagonjapo pamaso pa mwamuna mnzanga. Tsiku limenelo ndinagonja. Ndikanapitiriza, akanamunyamula kupita naye kunyumba ya mkulu wake, ine n'kumakapempha kuti ndimuone.

Chilimwe chonse anagona. Ndinkadutsa pakhomo n'kumamva supuni ikugunda mbale m'manja mwa munthu wina.

Mvula itagwa, onse anathamangira kukaokera mpunga. Pakhomo tinatsala awiri. Ndinamukhazika tsonga, n'kubweretsa lichero. Zala zake zinali zitapindikira m'kati. Ndinkawongola chimodzi, ndikagwira chinzake, choyamba chija chabwerera.

"Abambo, zikupweteka. Ndisiyeni."

"Kamwala kamodzi kokha."

Anayesa. Dzanja linakwawa mpaka m'mphepete mwa lichero, n'kuima pomwepo. Anayesanso, misozi ikutsika.

Ndinakhala pansi pambali pake, ndinakoka lichero, n'kuyamba kusankha ndekha. Chikwatirire ndinali ndisanasankhepo mpunga. Iye ankangoyang'ana.

"Mwasiya mwala apo," anatero.

"Pati?"

"Apo, pafupi ndi chala chanu chachikulu."

Unalipodi. Ndinadikira, kuti mwina dzanja lake lipita lokha. Silinapite. Ndinautola ine.