Batani Linakana Tsiku la Katemera

Chaka chimene ananditumiza kukagwira ntchito ya zaumoyo ku Ligowe, anandipatsa mthuthuthu watsopano woliza ndi batani. Anzanga ankaliza yawo ndi mwendo, thukuta lili kamukamu, pomwe ine ndinkangodina ndi chala. Ndinanyada, ndisaname. Chitsulo chopondera poliza injini chitagwa pamsewu wamiyala wa ku Lisungwi, sindinabwerere n'komwe kukachifuna. Ndinkati cha chiyani, ine mwini batani?

Inali nyengo ya manachesi. Paliponse pamene ndaima, azibambo ankandizungulira akusenda manachesi awo, aliyense n'kumapempha kuti adineko. Ine wokonda kutamidwa ndinkawalola. "Dinani bambo, sililuma!" Injini ikalira ankadumphira kumbuyo n'kufa nazo nseko, wina n'kubwera ndi chala chake chonata.

Ndiye linafika tsiku lokabaya katemera wa chikuku ku Magaleta. Amayi a kumeneko ankaopa jakisoni, ndipo ndinatha miyezi ndikuwanyengerera khomo ndi khomo mpaka a tcheyamani a chipani analengeza tsikulo pamsonkhano. Ndinadzuka mtima uli dyokodyoko. Anamwino athu, mayi wamkulu wosabisa mawu, anaika katemera m'bokosi la ayezi n'kundiuza kuti ayeziyo safika masana, ndipo akasungunuka katemera yense ndi wotaya. Ndinamanga bokosi kumbuyo, ndinakwera, ndinadina batani.

Zii.

Ndinadinanso. Ndinadina ndi chala chachikulu, ndi cha mkombaphala, mpaka ndi chibakera. Zii. Ndinaponya mwendo kufuna chopondera, mwendo n'kungopalasa mphepo. Alonda a pachipatala anandikankha kuti mwina ilira, koma ine luso limenelo ndinalibe, ndipo tinatsala pang'ono kugwera m'ngalande ndi bokosi lomwe.

"Basi!" anakalipa anamwino. "Mufuna muswe katemera wanga? Tsikani muone chavuta. Si inu mumati imamvera chala?"

Manyazi anandigwira, koma nthawi yochita manyazi panalibe. Ndinaliza hutala, inalira bwinobwino. Ndinayatsa getsi, linawala. Ndiye kuti batire ndi lamoyo! Ndinatsegula m'mbali n'kuona fyuzi, inali yosapsa. Ndinatsata waya ndi chala kuchokera ku batire mpaka pa chiwongolero, panalibe poduka. Chinatsala ndi batani lenilenilo. Zomasulira ndinali nditaziiwala kunyumba, choncho anamwino anandipatsa kampeni kawo ndipo ndinamasula tizitsulo tiwiri tomanga kabokosi ka batani.

Nditatsegula, ndinafuula ngati ndatola ndalama. "Nachi! Bwerani muone!" M'katimo munali phala lakuda lonata, fumbi losakanikirana ndi madzi a manachesi, ndiponso nyerere zakufa zitadzaza pamene tizitsulo tamkuwa todutsa magetsi timagundana. Anamwino ananunkhiza n'kupukusa mutu.

"Kodi mumaidyetsa manachesi, eti? Mudzi wonse unasambira m'manja pa batani lanuli."

Anathamangira m'chipatala n'kubwera ndi thonje ndi sipiriti yopukutira pobaya jakisoni. Ndinapukuta, ndinapala ndi nsonga ya mpeni mpaka mkuwa unayamba kunyezimira. Chimwemwe chinandipitirira, ndipo kasipuling'i kakang'ono kamene kamabweza batani kanadumpha n'kugwera mumchenga.

Ndinatukwana, ine amene ndinkaimba kwaya. Tonse atatu tinagwada n'kumapapasa pansi, dzuwa likukwera. Ndinagwedeza bokosi ndipo ndinamva madzi akuyamba kuchita phokoso m'kati. Alonda anati timange waya basi, ine ndinati tiphwasule cholembera titengemo kasipuling'i kake. Anamwino anangodzuka n'kutisiya. Anapita kunyumba kwawo kuseri kwa chipatala n'kubwera ndi sefa wa ufa.

"Amuna inu, chokanipo."

Anakokola mchenga wa pansi pa mthuthuthu ndi manja n'kuyamba kusefa monga amachitira m'khitchini mwawo. Ulendo woyamba munatsala timiyala. Wachiwiri, chitsekero cha botolo. Wachitatu, kasipuling'i kaja kanali gone pakati pa sefa! Alonda anaponya chibonga chawo m'mwamba. Ndinakabwezeretsa nditagwira mpweya, ndinamanga, ndinapukuta chala pa malaya, ndinadina.

Inalira! Abale inu, inalira! Anamwino anaimba nthungululu, odwala a pakhonde anaombera m'manja osadziwa n'komwe chimene chachitika. Ine ndinali kale pamsewu.

Njira imeneyo ndi ya zitunda ndi miyala, koma tsiku limenelo ndinaiuluka, ndikuimba nyimbo ya kwaya mokweza ngati wopenga, dzanja limodzi likumabwerera kumbuyo kukagwira bokosi. Nditayandikira ku Magaleta, nyimbo inandithera pakamwa. Ndinakumana ndi amayi ali pamzere m'njira, ana kumsana, akubwerera kwawo. Anali atatopa kudikira. Ndinaliza hutala osalekeza, ndikukuwa kuti, "Ndafika! Bwererani, amayi, ndafika!" Ena anaima. Ena anangondiyang'ana n'kupitiriza ulendo.

Pansi pa mtengo wamango pamene tinkachitira sikelo ndinatsegula bokosi mtima uli m'mwamba. Ndinapisa dzanja. Pakati pa madzi ozizira panali ayezi, wochepa ngati sopo wotsala, koma analipo. Ndinamukweza m'mwamba kuti onse aone, ndikuseka ndekha.

Palibe anasuntha. Amayi anaima patali, aliyense akudikira kuti ayambe mnzake. Kenako mayi wina wamng'ono, amene ndinamupitirira ali kale patali m'njira muja, anadutsa pakati pa anzake akupuma mofulumira chifukwa chothamanga. Anamasula nsalu, anatsitsa mwana, n'kumuvula kamalaya yekha.

"Mkulu wake wa uyu tinamuika chaka chatha, ndi chikuku chomwechi," anatero. "Bayani, adokotala."

Ndinabaya. Mwana analira kwambiri, ndipo kumbuyo kwa mayi uja ndinamva nsalu zina zikumasulidwa.