Mayina Mazana Awiri a ku Kabwata

A Amock Mbewe anagwira ukalaliki ku njanji mpaka chaka chimene makampani a boma anayamba kugulitsidwa, iwo n'kuuzidwa kuti akapume. Kwawo ku Katete sanabwerere. Anatsala ku Kabwata mu Lusaka, ndipo mpingo, poona dzanja lawo labwino, unawapatsa makiyi a kachipinda ka mabuku a ubatizo.

Mabukuwo analipo khumi ndi anayi, oyambira mu 1953. Wofuna umboni wa chaka chobadwa, kaya pa za penshoni kaya pa za ukwati, ankafikira kwa a Mbewe. Koma chiswe chinali chitadya m'mphepete, chinyezi chitafufuta inki. Anawasamutsira m'bokosi lachitsulo, komabe tsamba lililonse likatsegulidwa linkasiya zinyenyeswa patebulo.

Mu 2008 mkhristu wina wa ku Woodlands anapereka kompyuta yakale ndi sikana, makina ojambula mapepala, kuti mabukuwo ajambulidwe asanatheretu. A Emmy Chipasha, mphunzitsi wa makompyuta kusekondale, anaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene aliyense amaloledwa kukopera ulere. Zonse zinayenda, kupatula sikanayo. Nyali yake inkayaka, koma kompyuta sinkaizindikira. A Emmy anafotokoza kuti opanga makinawo sanalembe kapulogalamu kowalumikiza ndi Linux, ndiponso anabisa kagwiridwe kake kuti ena asalembe.

Njira yachidule inalipo: chimbale cha Windows chokopera mwakuba, chogulitsidwa pamsika m'tauni, poti pa pulogalamu imeneyo sikanayo ikanagwira ntchito. Chenicheni, akulu a mpingo anati chiyembekeze denga la tchalitchi lithe.

"Ba Mbewe, Lusaka yonse isewenzesa chamene icho," anatero a Emmy. "Na ba abusa kunyumba kwawo."

"Abusa adzadziyankhira okha. Muno chakuba sichilowa."

A Mbewe anachita zimene anaphunzira ku mishoni: nkhani imapita kwa mwini wake, mwaulemu, papepala. Analemba kalata ngati yopita ku Sinodi, yopempha opanga makinawo kuti alembe kapulogalamuko kapena aulule zimene anabisa. Lamlungu anaika tebulo pakhomo la tchalitchi. Anasaina anthu mazana awiri ndi khumi ndi awiri, ena amayi okalamba amene anadinda chala, oti kompyuta sanaikhudzepo.

Akazi awo, a Eness, ogulitsa vitumbuwa pamsika, anawaseka powasitira jekete. "Mufuna akuuzeni chinsinsi chawo? Ine amene sindinauzeko munthu zimene ndimathira mu vitumbuwa."

A Mbewe anatenga kalata ija nakwera minibasi mpaka Cairo Road, ku sitolo imene chikwangwani chake chinali ndi dzina lomwe lija la pa sikana. Iwo ankaganiza kuti pamene pali dzina la munthu, pali abale ake. Mwini sitolo, a Killian, anawapatsa mpando, nawerenga kalata yonse, nayamika kalembedwe kake. A Mbewe anangoyang'ana pansi, kuyembekeza mawu enieni.

"Ba tate, ise timagulisa chabe. Amene anapanga sitinawaonepo na nkhope."

Anawasonyeza keyala ya kunja yolembedwa pakatoni. A Mbewe anapita ku positi n'kutumiza mayina onse aja, a Emmy nawo n'kutumiza mawu omwewo pa imelo. Patapita milungu itatu yankho linafika: akuthokoza, makina a mtundu umenewo analeka kuwapanga, aone atsopano. Za anthu mazana awiri sanatchule. A Mbewe anawerenga kawiri, kufunafuna dzina la wolemba kuti amuyankhe. Panalibe dzina. Analembanso, n'kulembanso, osamva kanthu.

Mu Disembala kunabwera mayi wamasiye wa ku Chelstone, wofuna umboni wa chaka chimene malemu amuna ake anabadwa, poti a penshoni anaukana umene anali nawo. Linali buku la 1956. A Mbewe anatsegula pang'onopang'ono ndi manja awiri. Dzina linalipo, la makolo linalipo, koma pamene panali tsiku lobadwa panatsala chibowo. Mayiyo anapempha kuti angolemba chaka chimene iye akuchidziwa, adinde. A Mbewe anayang'ana sikana ija, kenaka chibowocho, nati sangalembe zimene sakuziona. Mayiyo anatuluka osatsanzika.

M'mawa mwake a Mbewe anafunditsa sikanayo kansalu, nakhala pa kompyuta n'kuyamba kukopera buku loyamba ndi zala ziwiri. Patsiku amatha mayina makumi atatu, maso akalola. Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, ndipo afika pa buku lachiwiri. La 1956 salitsegulanso.