Masamba Owawa a Bambo Anga

Bambo anga anali kalipentala ku Ndirande, ndipo anawapeza ndi matenda a shuga chaka chomwe tinavotera zipani zambiri koyamba. Ine n'kuti nditabwerera pakhomo ukwati utatha, choncho ndine ndinkawaperekeza kuchipatala. Ulendo wachitatu adokotala, mayi wamagalasi wolankhula mwachidule, anayang'ana pepala la zoyeza n'kunena kuti kuwonjezera pa shuga, mafuta nawonso achuluka m'magazi.

"Mafuta ati, ine wowonda chonchi?" anafunsa bambo.

"Saoneka pathupi, bambo. Amatseka misempha ya magazi. Muchepetse zokazinga."

Mawu amenewa anawapweteka kuposa jakisoni, chifukwa masana aliwonse ankadya nyama ya pachiwaya pafupi ndi shedi yawo.

Mnzawo wina, Msilamu wokhoma zidebe yemwe ankagwira ntchito moyandikana nawo, anawabweretsera masamba a nimu ndi a chamwamba m'jumbo. Anati achimwene ake ku Mangochi amamwa zomwezo. Ine ndinakana. Mayi anga anangoti, "Asiye amwe, bola asaleke mapilitsi." Basi m'mawa uliwonse ndinkawiritsa masambawo m'kapoto kakekake, n'kusefa ndi kansalu. Madzi ake anali obiriwira, owawa moti tsiku lina nditalawa ndinakalavulira pakhonde. Bambo ankamwa ali chiimire, atatsinzina, kenako n'kunyamuka wapansi kupita kuntchito, poti anali atasiya kukwera minibasi.

Patatha miyezi ingapo tinakayezetsanso. Adokotala anati shuga akuvutabe, koma mafuta atsika ndithu. Anafunsa chimene tasintha. Ine ndinkafuna kubisa, koma bambo anaulula okha za masambawo.

Adokotala sanakalipe. Analemba kenakake pakhadi, nati, "Mwina athandiza, mwina ayi. Sindikunamizani, sindikudziwa. Koma muzindiuza zimene mukumwa, ndipo mankhwala akuno musasiye."

Titafika kunyumba mkangano unabuka. Bambo ankati ndi nimu basi. Mayi ankati ndi iwo, popeza anasiya kuthira mafuta m'ndiwo n'kuyamba kutendera, komanso anakaopseza mwini chiwaya kuti akadzawagulitsanso nyama aona zakuda. Wokhoma zidebe atamva anangoseka, nati wochiritsa ndi Mulungu, iye anangothyola masamba.

Mpaka lero sindidziwa amene ankalondola. Masamba, mapilitsi, ndiwo zotendera, kuyenda wapansi, zonse zinabwera nthawi imodzi, ndipo palibe akanalola kusiya chimodzi kuti tione. Tinkaopa. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti munthu amene anali atayamba kugawa zida zake kwa adzukulu anazitenganso.

Anapala matabwa zaka zina zingapo, maso akuchita chidima pang'onopang'ono, mpaka ankayeza thabwa ndi zala. Anamwalira ndi chibayo nyengo yozizira, atasiya chitseko cha munthu wina wa ku Chemusa chisanathe. Mchimwene wanga ndiye anachimaliza, ndipo tinakachitula tonse awiri maliro atatha.