Kansungwi kamene ndinapanikiza m'chenjiova

Ndinataya mkazi wanga. Ndinataya nyumba imene ndinamanga pamalo a kwawo kufupi ndi Chonde, poti mkamwini akamusudzula amanyamula zovala zake zokha. Mwana wathu Takondwa, wa zaka zitatu, anatsala ndi achemwali a mayi ake ndipo ndimamuona Loweruka lokha. Zonsezi zinachitika chifukwa cha cholakwa changa, ndipo ndikufuna inu owerenga muchidziwe bwinobwino.

Mkazi wanga ankagulitsa nkhuku zosadzula ndi mafilizesi. Magetsi akathima tsiku lonse katundu ankawonongeka mufiriji, choncho tinagula jenereta ndi chenjiova. Chenjiova ndi bokosi limene limaona kuti magetsi athima, kulizitsa jenereta lokha, n'kusamutsira nyumba ku jeneretayo. Magetsi akabwera limabwezeretsa. Ndinalumikiza ndekha. Ndinaphunzira zamagetsi ku koleji ndipo ndimagwira ntchito mufakitale ya tiyi, kumene mabokosi akuluakulu kuposa limeneli ndimawatsegula tsiku ndi tsiku.

M'nyengo yamvula chenjiova inayamba kuvuta. Magetsi akathima jenereta inkalira ndithu, koma m'nyumba munalibe moto. Ndinafufuza mwadongosolo. Batire yolizira jenereta inali bwino. Jenereta inkatulutsa mphamvu yokwanira, ndinayeza. Mafyuzi anali amoyo. Nditatsegula bokosi ndinapeza vuto. M'katimo muli maswichi awiri akuluakulu otchedwa makontakita, ina ya magetsi a pamzere, ina ya jenereta, ndipo pakati pawo pali kachitsulo koletsa kuti asatsekeke onse nthawi imodzi. Nyerere zothawa chinyezi zinamanga mu kontakita ya jenereta mpaka koyilo yake, waya wokulungidwa woikoka kuti itsekeke, inapsa.

Mpaka pamenepo sindinalakwe paliponse. Chofunika chinali kugula koyilo ina ku Limbe, ndipo podikira, kuzimitsa bokosi lonse n'kulumikiza firiji ku jenereta ndi chingwe chapadera. Ndinkadziwa zimenezi. Koma m'mawa umenewo magetsi anali atathima, firiji inali yodzaza nkhuku za ukwati wa Loweruka, ndipo ndinali kuchedwa kuntchito. Ndinasema kansungwi kouma, n'kukankha kontakita ya jenereta kuti itsekeke, n'kupanikiza kansungwiko kuti isatseguke. Firiji inayamba kulira. Chivindikiro chapulasitiki chophimba mawaya sindinabwezeretse, ndinati ndichita madzulo. Ndinakankha chitseko cha bokosi n'kukwera njinga.

Kwathu magetsi akathima m'mawa ankabwera dzuwa litalowa. Ndinadalira chizolowezi chimenecho. Tsiku limenelo anabwera isanakwane leveni koloko.

Mkazi wanga anandiimbira foni ndili pamakina owumitsira tiyi. Anati bokosi likulira ngati njuchi ndipo likununkha pulasitiki. Ndinadziwa pomwepo chimene chinkachitika. Kontakita ya magetsi a pamzere inkafuna kutsekeka, koma kachitsulo kaja kankailetsa chifukwa inzake ndinaipanikiza. Mukaisiya ikunjenjemera chotero, koyilo yachiwiri nayo imapsa.

Inu owerenga, yankho lolondola linali lalifupi: zimitsa jenereta, tsitsa swichi yaikulu ya pamita, usakhudze bokosi. Ine ndinaganizira koyilo. Ndinamuuza kuti atsegule chitseko n'kusolola kansungwiko, ndipo ndinamutsimikizira kuti nsungwi youma sigwira magetsi. Zimenezo n'zoona. Chimene sindinafunse n'chakuti ankachita chiyani asanandiimbire. Ankatsuka nkhuku, manja ali onyowa, alibe nsapato, pansi pa simenti pali madzi. Pafupi ndi kansungwiko panali mawaya amene sindinaphimbe, ndipo onse anali ndi moto wochokera mbali ziwiri.

Apongozi anga anamupeza atagwa pansi pa bokosilo. Anamunyamula pagalimoto ya mnzathu wina, koma kuchipatala anangotsimikiza kuti anali atatisiya kale. Akuchikazi sanandinenepo mawu oipa. Mpaka lero amati inali ngozi ya magetsi, ndipo zanditengera nthawi kuti ndinene poyera kuti ngoziyo ndinaikonza ndi manja anga.

Ngati muli ndi bokosi lotere, ndimvereni. Musalitsegule musanazimitse mbali zonse ziwiri, jenereta ndi magetsi a pamzere, n'kuchotsanso batire kuti jenereta isadzilize yokha. Chimene chapsa chisintheni, musachipanikize ndi kanthu. Chivindikiro chibwerere pamalo pake musanachoke. Ndipo inu amene munaphunzira, musatume munthu pafoni kuti alowetse dzanja pamene inu simukuona. Munthu amene amakukhulupirirani sakufunsani kawiri.

Tsiku lija mkazi wanga sanandifunse. Anangoseka pang'ono, n'kunena kuti:

"Chabwino a bambo a Tako, inu ndi amene mumazidziwa izi. Tadikirani ndiike foni pansi."