Kapepala ka buluu m'kamwa mwa mwana wanga

Kwa zaka ziwiri ndinkauza anthu kuti mwana wanga wamkazi anabadwa ndi mano osakumana. Akatseka pakamwa, a kumanzere ankagundana, a kumanja n'kutsala m'malere. Ndinkanama, Ambuye andikhululukire.

Anali ndi zaka khumi. Mbuzi zinadula chingwe n'kulowa m'munda wa mtedza iye ali kumjigo. Pobwera anapeza bambo ake akumudikira pabwalo, khasu lili m'manja. Sanamufunse kanthu. Analitembenuza n'kumumenya ndi mpini pamsana. Mwana anacheuka kuti apepese, ndiye wachiwiri unamupeza pachibwano. Ndinamva ngati nkhuni youma yathyoka. Anagwera pamtondo, ndowa ikugubuduka, magazi akusakanikirana ndi madzi. Nditawagwira mkono bambowo, anandikankhira kukhoma n'kundiponda pachifuwa.

"Ukapita naye kuchipatala apolisi akandigwire, ndikadzatuluka ndidzakumalizani nonse awiri."

Ndinang'amba chitenje n'kumumanga kuchokera pachibwano mpaka pamutu, momwe timamangira maliro. Mwezi wathunthu ndinkamumwetsa phala la madzimadzi ndi kasupuni, ndikupemphera. Fupa linalumikizika, koma mokhota. Chimanga chootcha sankachikhudza, nyama ankangoyamwa, poseka ankaphimba pakamwa.

Aphunzitsi ake ndi amene anandikakamiza kupita naye kwa adokotala a mano. Tinakwera matola mpaka ku boma, bambo ake nditawauza kuti ndi dzino chabe.

Adokotalawo anali mayi, wamng'ono kwa ine. Anaika kapepala ka buluu pakati pa mano.

"Luma, mwanawe. Gogoda kawiri. Tsegula. Usameze, si switi."

Mwana anamwetulira. Adokotala anandiitana kuti ndione. Kumanzere mano atatu anali ndi timadontho ta buluu, kumanja onse oyera. Kenako anatenga karula kachitsulo n'kundionetsa kuti pakati pa mano akutsogolo apamwamba ndi pakati pa apansi sipanalunjikane, apansi anathawira kumbali. Analemba. Atatero anayendetsa zala pansagwada pang'onopang'ono, n'kuima pachotupa chimene ine ndinkachidziwa bwino.

"Mayi, ana obadwa choncho ndimawayeza tsiku ndi tsiku. Koma taonani mano akumanjawa, nsonga zake zinaperepeseka. Dzino siliperepeseka lokha. Awa ankakumana ndi anzawo. Anasiya liti?"

Ndinati, "Anagwa mumtengo wa manachesi."

Mwana wanga, milomo ili buluu, anandiyang'ana.

"Amayi, manachesi athu aja timathyola titaima pansi."

Sanalankhule mokwiya ayi, anangonena. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo, mpando ulipo, n'kufotokoza zonse, za mbuzi, za mpini, za chitenje. Adokotala sanandikalipire. Anandipatsa madzi, nalemba makalata awiri, ina ya kuchipatala chachikulu ku Blantyre, ina ya kupolisi.

"Madzulo ano mwanayu akagona kuti?" anandifunsa.

Funso limenelo ndinayenda nalo njira yonse. Titatsika matola sindinakhotere kunyumba. Ndinapita kwa achimwene anga, eni mbumba, n'kuwaonetsa makalata aja.

"Chemwali, zaka ziwiri, ine ndikudya mbale imodzi ndi mlamu ameneyu?"

Bambo a mwanayo anali mkamwini pamudzi pathu. Sabata isanathe anamanga katundu. Potuluka anaphwanya miphika yanga yonse ndi mpini womwe uja, achimwene ndi ankhoswe ataima pakhomo, mwana ali kumbuyo kwawo. Nkhani ya kupolisi inawapeza kwawo.

Ku Blantyre anakonza fupa lija, kenako anamuika timawaya. Ulendo uliwonse amamulumitsa kapepala, ndipo ine ndimawerenga nawo timadontho. Mwezi watha kumanja ndinawerenga tinayi. Ndinathokoza Mulungu mokweza mpaka anamwino anaseka. Pobwerera ndinamugulira chimanga chootcha pasiteji, ndipo anatafunira mbali zonse ziwiri, ine ndikungomuyang'ana.