Thadzi lofiira m'buku la mphatso

Buku la mphatso linafika ku ofesi kwathu Lolemba lina m'mwezi wa Ogasiti. Analibweretsa ndi abwana athu, amene anali atangobwerako ku wekishopu ya mlungu wathunthu ku loji ina ya m'mbali mwa Luangwa, kumene anakaphunzira kuti wantchito wa boma sayenera kulandira zinthu kwa anthu. Anabwerako masaya atadzaza, atavala tisheti ndi chipewa za kampani ina yogulitsa mbewu, m'manja muli ambulera ndi fulasiki zojambulidwa chimanga. Bukulo analitulutsa m'chikwama chachikopa chimene tinali tisanachionepo.

Nthawi imeneyo ndinali mlangizi wa zaulimi ku Chipangali. Pakati pa mlungu ndinkagona m'kanyumba ka boma kodontha pafupi ndi alimi anga, Lachisanu n'kukwera njinga yamoto kubwerera kubanja ku Kapata, komboni ya m'tauni. Kamodzi pamwezi alangizi tonse tinkasonkhana ku ofesi ya m'tauni kudzamva zimene akuluakulu atiganizira.

Abwana anafotokoza bwinobwino. Chilichonse chimene munthu walandira pa ntchito, chachikulu kaya chaching'ono, chilembedwe m'bukumo pamodzi ndi dzina la wopereka, ndipo chinthucho chiperekedwe ku ofesi. Ulendo uliwonse ukhalenso ndi lipoti lake: unapita kuti, kukatani, unaonana ndi yani. Pansi pa fomu ya lipotilo panali kabokosi ka mphatso zolandiridwa paulendo.

Mnzathu wina wachikulire, amene anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito ndipo sankaopanso munthu, anakweza dzanja.

“Bwana, nanga ambulera iyo izalowa pa peji liti?”

“Izi si mphatso,” anayankha abwana, nkhope ili gwa. “Izi ni zida zogwirira nchito.”

Tinaseka chamumtima. Ine ndinapsa mtima, ndipo ndiulule pano kuti mkwiyo umenewo ndi umene unandilakwitsa. Ndine mwana wa katekisiti, ndinakula m'nyumba imene ukatola singano pamsewu unkayenda nayo khomo ndi khomo kufunsa mwini wake. Koma si chilungamo chokha chimene chinandigwira tsiku lija. Ndinkafuna kuti dzina loyamba m'bukumo likhale langa, kuti a zida zogwirira ntchitowo akamalitsegula azichita manyazi. Taonani nzeru za munthu wophunzira: ndinkaganiza kuti manyazi amalowa mwa aliyense.

M'mudzi wina wa m'dera langa munali mayi wina wamtali, wolankhula mokweza ngati akuitana munthu kutsidya la dambo. Amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi zaka zingapo m'mbuyomo, moti ankangokhala pakhonde. Munda wonse unali pamutu pa mayiwo okha, ndipo chimanga cha m'mundamo ndicho chinkawasunga awiriwo chaka chonse. Dothi lake linali lamchenga, lotopa, losabereka kanthu popanda feteleza. Dzina lawo linali pa mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo kuyambira ine ndisanabwere kuderako.

Chaka cham'mbuyo mtedza wawo, umene kumeneko amati nshawa, unali utagwidwa ndi matenda a kadukutu. Ndinapita kumundako kangapo, kuwauza kuti adzale ndi mvula yoyamba ndiponso mothithikana, ndipo iwo, mosiyana ndi ambiri, anamvera. Anakolola mtedza woti anthu odutsa ankaima kuyang'ana.

Mu Seputembala ndinkayenda m'midzi kutsimikiza maina a olandira feteleza, kuona zitupa ndi kuchonga. Nditamaliza pakhomo pawo, anandiuza kuti ndidikire. Ndinamva phokoso kuseri kwa nkhokwe, kenaka anatulukira atagwira thadzi lofiira, lonenepa, atalimanga miyendo ndi luzi.

“A madamu, kangachepe aka. Nshawa zija ni inu.”

“Amama, zikomo, koma boma likana. Kwabwera lamulo.”

“Boma likana nkhuku? Kodi ni boma linagwada m'mizere mwanga muja? Ine n'naona inu.” Anatembenukira kwa amuna awo pakhonde. “Mwamva atate? Ati achoke pano chimanjamanja, anthu akambe kuti pakhomo pano mlendo sitimudziwa.”

Bambowo anapukusa mutu pang'onopang'ono, n'kuloza njinga yanga ndi dzanja lawo labwinolo. Amene anakulira kwathu kuno akudziwa kuti nkhuku yotere siibwezedwa. Kuikana n'kumuuza munthu kuti ndiwe wosauka kwambiri moti sungathe kuthokoza. Ndinalandira ndi manja awiri, iwo eni n'kulimangirira thadzilo pakaliyala.

Lachisanu, nditafika ku ofesi ya m'tauni, ndinadzaza fomu ya ulendo. Cholinga cha ulendo: kutsimikiza maina a olandira feteleza. M'kabokosi kapansi ndinalemba ndi zilembo zanga zokongola za kusukulu ya masisitere: nkhuku imodzi, yaikazi, yofiira, kuchokera kwa mayi wakutiwakuti, mudzi wakutiwakuti. Mnzanga wachikulire uja anasuzumira papepalapo n'kugwira pakamwa.

“Madamu, nkhuku siilembedwa. Nkhuku timapha, nthenga n'kukwirira kuseri. Ng'ambani ico.”

Ndinamuyankha kuti maganizo ngati amenewo ndi amene abwezera dziko lino m'mbuyo. Inde, ndinanenadi mawu amenewo, ndi pakamwa panga pomwe pano. Ndinakopera zonse m'buku la mphatso, tsamba loyamba, mzere woyamba, n'kupereka thadzilo kwa wosunga katundu. Iye anasowa pochita nalo, pakuti linalibe nambala ya boma, ndiye analimangirira ku mpope wakufa wopopera mankhwala m'sitolo. Linakhala m'menemo masabata atatu likudya nyenyeswa za mabanzi, ndipo linaikira mazira amene sanalembedwe paliponse.

Kenaka kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera kulikulu kudzaona m'mene lamulo latsopano likuyendera. Komiti yoona za khalidwe la antchito, imene chiikidwire inali isanakumanepo, inakumana mofulumira. Anatsegula buku. Mwa antchito onse a pa ofesipo, oyenda m'midzi, opita kumisonkhano ya makampani, ogawa zipangizo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene analandirapo ngakhale nthochi. Tinali ofesi ya angelo. Wochimwa yekha m'boma lonselo anali mayi mlimi uja wa ku Chipangali ndi thadzi lake. Thadzilo, mwatsoka, linafa mwadzidzidzi m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo masana khonde lonse linkanunkhira anyezi ndi tomato.

Anandiitana. Anandiombera m'manja, abwana n'kundigwira chanza pamaso pa alendo, kunditchula chitsanzo chabwino. Ndinamva kukoma, sindinama. Kenaka mlembi anawerenga chigamulo: popeza mphatsoyo inaperekedwa tsiku lomwe maina ankatsimikizidwa, dzina la woperekayo liyambe laimitsidwa pa mndandanda wa feteleza mpaka kafukufuku atachitika.

Mutu unaima. Ndinadzuka n'kunena kuti dzinalo linalipo kale zaka ndi zaka, kuti nkhukuyo inali yothokoza za mtedza, kuti pakhomopo pali wodwala. Mawu anakwera, ndinamenya tebulo, ndipo ndikukumbuka kuti ndinatchulanso za ambulera.

“Khalani pansi, madamu,” anatero abwana mofatsa. “Inu mulibe mlandu, mwacita bwino. Manje ngati buku ionetsa kuti munthu anapereka, ise tizakamba cani ku alendo? Ni kafukufuku chabe, sizatenga nthawi.”

Kafukufukuyo ankafunika anthu anayi kupita kumudziko. Anthu anayi ankafunika galimoto, galimoto inkafunika mafuta, ndipo ulendo wonsewo unkafunika chilolezo chosainidwa ndi abwana. Abwanawo anali atapita ku wekishopu ina, kukafotokozera maofesi ena m'mene buku lathu lagwirira ntchito. Fomu inawadikira patebulo, atabwera anati yalembedwa pa pepala lakale, ilembedwenso.

Ine mayiwo sindinawauze. Ichi ndiye chimandiluma mpaka lero. Munthu amene ndinamenya tebulo pamaso pa alendo a kulikulu ndinalephera kuima pakhomo pa mlimi wanga n'kunena zimene ndinachita. Ndinayamba kuzungulira njira ya kudambo kuti ndisadutse pamudzi pawo. Ndinkadziuza kuti zikonzeka mvula isanagwe.

Mvula inagwa mu Novembala osafunsa komiti. Anthu anapita kukatenga feteleza wawo ndi ngolo ndi njinga. Mayiwo anapitanso, anaima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo atafika kutsogolo anauzidwa kuti dzina lawo silikuoneka.

Patapita masiku awiri, ndikusesa pakhomo pa kanyumba kanga m'mamawa, ndinamva mbuzi ikulira. Anali iwo, akukankha njinga, mbuzi yaikazi itamangidwa m'dengu pakaliyala. Mbuzi imeneyo ndinkaidziwa, inali yokhayo pakhomo pawo. Anatsamiritsa njinga ku mtengo wa mango, n'kugwada. Mayi wamkulu kuposa ine, wa mawu omveka kutsidya la dambo, anagwada pafumbi n'kulankhula monong'ona.

“A madamu, n'nalakwa. N'naganiza usiku wonse, naona kuti nkhuku ija inacepa. Ine sin'dziwa mitengo ya zinthu izi, munikhululukire. Iyi ni ya bere, izabala mwezi wa mawa. Mugawane na abwana anu, dzina libwerere chabe.”

Lamulo lija linabwera kudzaphunzitsa anthu kuti ntchito ya boma siigulidwa, ndipo phunziro linafikadi kumudzi: mayiwo anaphunzira kuti imagulidwa, koma osati ndi nkhuku.

Ndinawadzutsa, n'kuwakhazika pampando, ine n'kukhala pansi. Ndinawauza zonse: za buku, za kabokosi, za komiti, ndi kuti dzina lawo analilemba ndine, ndi dzanja langa. Anamvetsera osandidula, chimene sichinali chikhalidwe chawo.

“Munalemba kuti n'naba?”

“Ayi, amama. N'nalemba kuti munanipatsa nkhuku.”

“Nanga sin'nakupatseni?”

“Munanipatsa.”

Anayang'ana mbuziyo. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndikanakondwa. M'malo mwake anasendera pafupi.

“Cabwino, namva. Ndiye iyi musalembe.”

Ndinalira pamaso pawo, ndipo iwo anadabwa kuti cholira n'chiyani. Mbuziyo ndinaikana. Kukana kumene kunandikanika pa nkhuku kunatheka tsiku limenelo, nthawi itatha kale. Anaimanganso bwino m'dengu, n'kukankha njinga kubwerera, osatsanzika.

Ndinalemba makalata. Ndinakhala pabenchi ya pakhomo la abwana mpaka mlembi wawo anayamba kundibisira kuti alimo. Gulu la kafukufuku linapita mu Febuluwale, linafunsa mafunso kwa theka la ola pansi pa mtengo, n'kupeza kuti panalibe cholakwa. Pobwerera, kumbuyo kwa galimoto kunali maungu ndi matumba a makala, zida zogwirira ntchito. Dzina linabwezedwa pa mndandanda kuti lidzagwire ntchito chaka chotsatira. Buku la mphatso ndinalionanso nthawi ina ndikufuna faelo m'kabati. Linali lidakali ndi mzere umodzi womwe uja, m'zilembo zanga zokongola.

Mbuzi ija anaigulitsa ndi bere lake lomwe n'kugula thumba limodzi la feteleza, limene linakwana kachigawo ka munda ka pafupi ndi chulu. Ndinapita kukawaona mu Malichi, ulendo uno podzera njira yeniyeni. Pafupi ndi chulu chimanga chinali chobiriwira, kwina konseko chinali chachikasu, chofika m'chiuno, tizitsononkho tonga chala. Ndine mlangizi, ndikayang'ana munda ndimadziwa mwezi umene nkhokwe idzathe, ndipo iyi sikanafika ngakhale nthawi yotentha.

Bambo aja anali pakhonde pomwe paja. Anandilonjera ndi dzanja labwinolo. Mayiwo anandipatsa mpando, tinafunsana za moyo, ndipo sanatchule za nkhuku, za mbuzi kapena za dzina. Dzuwa linali litakwera, ine nditatuluka thukuta ndi ulendo. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ya madzi a mumtsuko. Nditatambasula manja kuti ndilandire, iwo anaima, n'kuibweza kapuyo pachifuwa. Sankanyoza, ndinawayang'ana m'maso. Ankafunsa ndi mantha enieni.

“A madamu, aya nawo muzalemba?”