Khadi ya ku Hanley Imene Inasiya Dzina

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi, ndili mlendo mumzinda wa Coventry. Amayi anali namwino pachipatala chachikulu cha kumeneko, ndipo anali atangonditenga kwathu ku Dedza, kumene ndinkaleredwa ndi mng'ono wawo, a Nachisale. Iwowa ndiwo ankanditsuka mapazi ndi mwala, ndiwo ankagona nane pamphasa imodzi ndikadwala malungo. Ndinkawaitana kuti amayi aang'ono, koma kunena zoona ung'ono wakewo sindinkauona.

Tsiku lina sukulu yathu inapita ku Hanley kukaona kumene amaumba mbale ndi makapu. Pobwerera aphunzitsi anatigawira mapositikhadi, nati aliyense alembere munthu mmodzi, mawu pang'ono chabe chifukwa malo ndi ochepa. Ine ndinasankha ya chithunzi cha tiyipoti wamaluwa abuluu, n'kulemba kuti: "Agogo, ndaona kumene amaumba makapu. Kuno kukuzizira. Ndine Tadala." Ndinadzimva kukula kwabasi. Amayi anali atatopa ndi ntchito sabata imeneyo, moti anangondilembera adiresi osayang'ana zimene ndinalembazo.

Chimene sindinaganizire n'chakuti khadi ilibe envulopu. Makalata a kumudzi kwathu ankafikira kusukulu ya pulayimale. Ahedi anaiwerenga, mwana amene anamutuma kukapereka anaiwerenganso m'njira, amayi a pamjigo analandirana ndi manja onyowa. Pamene inkafika kwa agogo aamuna, mudzi wonse unali utadziwa kuti mwana wa kunja uja watchula munthu mmodzi yekha.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, amayi anaimba foni kumudzi. Agogo anandiyamikira mpaka kunditchula mfunda. Nditapempha kulankhula ndi amayi aang'ono, anandiuza kuti apita kudimba. Koma ine ndinamva kachifuwa kamene ankakonda kutsokomola kaja, pafupi penipeni ndi foniyo. Lamlungu linzake akuti ali kuchigayo. Apo ndiye ndinalira, chifukwa ndinkawasowa kwambiri, ndipo ndinaopa kuti basi andikana.

Amayi atafunsitsa, anamva zonse.

"Iwe Tadala," anatero akundikhazika pampando wa kukhitchini, "munthu anakulera, ndiye dzina lake osapezeka? Pamjigo akumufunsa ngati mwana wake uja wamuiwala kale."

"But Mum, there was no space," ndinayankha m'Chingerezi changa chatsopanocho.

"Sipesi? Kanyumba ka agogo ako kaja munkalowamo angati mvula ikagwa? Malo amapezeka, mwanangu."

Loweruka tinakwera sitima kupita ku Selly Oak kukacheza kwa anzawo a amayi. Tili m'njira, ku Birmingham, amayi anandigulira khadi ya chithunzi cha maboti, ndi cholembera chansonga yowonda. Ndinakhala patebulo la eni nyumba, fungo la nyemba lili tolo, amayi ali pambali kundikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayamba ndi "Moni amayi anga a Nachisale," kenako agogo, amalume, asuweni anga onse, mpaka aneba oyandikana ndi khola. Mayina anayenda m'mphepete mwa khadiyo ngati nyerere, ena kukakwera pafupi ndi sitampa. Nkhani ya ulendo inasowa polowa.

Patapita masabata angapo tinaimbanso. Ndinamva kachifuwa kaja, kenako mawu amene ndinkawadikira.

"Tadala, ndiwe? Nanga Bobi wakulakwira chiyani kuti umusiye?"

Bobi anali galu wathu. Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe, iwonso akuseka mbali inayo mpaka kutsokomola.

Nditakula ndinapita kumudzi, ndipo ndinaipeza khadi yachiwiri ija itakhomedwa pakhoma la chipinda cha amayi aang'ono, itafiira ndi utsi. Chithunzi chinayang'ana kukhoma, mayina ndiwo anali kunja. Ndinawafunsa chifukwa chimene anabisira maboti okongola aja.

"Maboti a eni ake ndichite nawo chiyani?" anatero, akuloza mzere woyamba ndi chala. "Ine ndimaona apa."

Lero ndimayenda m'mizinda yambiri pantchito, ndipo ngakhale pafoni pali zonse, ndimagulabe khadi. Ndinamvetsa kuti amene anatsala kumudzi safuna kwenikweni kudziwa zimene waona. Amafuna kudziwa ngati kumene wafikako dzina lawo wafika nalo. Amayi aang'ono anatisiya, koma mpaka pano ndikagwira cholembera, dzanja limafuna kuyambira pa dzina lawo.